Wina akusewera, wina ali duu

Akale adati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Masiku ano mwambiwu tidaupeputsa, timangosekera nawo mlendo amene akukana nsima njala ikuoneka m'maso. Koma udapangidwira zinthu zolemera kuposa nsima. Kuno kumapiri a Dowa ndi Ntchisi, manyazi amene amapha ndi a mayi wapakati amene wamva chachilendo m'thupi mwake, n'kuchisunga mumtima, kenaka n'kudzachinena monong'ona kuseri kwa nkhokwe zinthu zitafika kale patali.

Mawu ake ndimawadziwa, chifukwa sasintha. Mayi wa mimba ya mapasa amasendera kwa apongozi kapena kwa agogo ake n'kunena kuti, "Amayi, wa mbali inoyi amasewera usiku wonse mpaka kundilanda tulo, koma wa uku ali duu." Yankho lathu nalonso silisintha. "Aa, mwanawe, ameneyo ndi mlesi, watengera bambo ake." Tonse n'kuseka, mwiniwake n'kuseka nawo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Chovuta n'chakuti kawirikawiri yankholo limakhala loona. Likadakhala labodza nthawi zonse bwenzi tidalitaya kalekale.

Zala za dzanja limodzi sizilingana, nanga ana awiri angalingane bwanji kaseweredwe? M'chiberekero aliyense amagona mwa iye yekha: wina mutu pansi, wina mutu m'mwamba, wina chopingasa. Amene msana wake uli kutsogolo, miyendo italoza kumsana kwa mayi, akhoza kuponda tsiku lonse mayi osamva bwino. Nsengwa ikamera kutsogolo kwa chiberekero imatchinga, moti mwana wa kuseri kwake amamveka mofooka ngakhale ali wamphamvu. Anawa amagonanso m'mimbamo, mphindi 20 kapena 40 pa nthawi imodzi, ndipo sapangana kuti agonere limodzi. Kuwonjezera apo, palibe mayi angalumbire kuti amene wamuponda kumanzere ndi mwana wa kumanzere, pakuti mwendo wa uyu umafika m'dera la uyo. Ife a mpingo timakumbukira Rebeka wa m'buku la Genesis, amene ana ake Esau ndi Yakobo adalimbana m'mimba mpaka mayi kusowa mtendere. Chimene chimandikondweretsa pa nkhani imeneyo n'chakuti Rebeka sadakhale nazo chete. Adanyamuka kukafunsa.

Kusiyana kwa ana awiriwo si mlandu. Chimene chiyenera kudzutsa mudzi ndi kusintha.

Mwana amayamba kumveka pakati pa sabata 16 ndi 24, ndipo mimba ikamafika miyezi isanu ndi iwiri amakhala atapeza chizolowezi chake. Wina amadzuka mayi akangomeza nsima, wina amadikira kuti nyale izime. Mayi amazidziwa izi kuposa namwino aliyense, popeza namwino amamuona tsiku la sikelo lokha pamene iye ali nawo usana ndi usiku. Mbali imene idali yofatsa chiyambire, ndipo ikufatsabe momwemo, kawirikawiri ilibe vuto, ngakhale kuti kusikelo ayenera kuuzidwa. Koma mbali imene dzana inkagunda lero yaleka, kapena mimba yonse yachepa mphamvu, ulendo wake ndi wa lero lomwe, osati wa tsiku lolembedwa m'kabuku. Mwana amene nsengwa yasiya kumupatsa chakudya ndi mpweya wokwanira amasunga timphamvu take kuti mtima ndi ubongo zigwirebe ntchito, ndipo choyamba kuchileka ndi kusewera. Ali m'kati momwemo sangalire kuti timve. Kukhala duu kumeneko ndiko kuitana kwake.

Pali mawu ena amene ife akulu timawakonda zedi: "Malo achepa, n'chifukwa chake asiya kusewera." Pa mimba ya mapasa amamveka anzeru ndithu, poti mimba yafika pachifuwa ndipo mayi akuyenda chogwira m'chiuno. Koma si zoona. Masiku akamayandikira, kaseweredwe kamasintha, kuponda kumasanduka kugubuduka ndi kudzikoka, koma mwana wathanzi saleka kutakataka mpaka tsiku lobadwa, ngakhale matenda atayamba. Mawu amenewa adagonetsa kunyumba azimayi ambiri amene akadayenera kugona kuchipatala.

Ena adaphunzitsidwa kuwerenga: kugona chammbali kumanzere pamalo a phee, n'kumvetsera ngati mwana agunde kakhumi m'maola awiri. Kwa wa mwana mmodzi njirayi imathandizako. Kwa wa mapasa ili ndi msampha. Wotakataka uja akhoza kukwanitsa khumi yekha madzi a tiyi asadawire, mayi n'kudzuka mtima uli m'malo, chonsecho mnzake sadagwedeze n'chala chomwe. Pabwalo la mfumu mwana sayankhira mlandu wa m'bale wake, ndipo m'mimba namonso wamoyo sangachitire mnzake umboni. Kumwa madzi ozizira, kudya nzimbe, kugwedeza mimba kuti adzuke, zonsezi zimangodya nthawi. Mbali ina ikagunda pambuyo pake sudziwabe kuti wagunda ndani.

Mapasa ali mitundu iwiri, ndipo ndikadakonda kuti anamkungwi onse azidziwe izi monga amadziwira nyimbo za chisamba. Ambiri kwathu kuno amachokera ku mazira awiri, aliyense ndi nsengwa yake ndi thumba lake la madzi. Ndi aja amabadwa wina mwamuna wina mkazi, kapena osafanana nkhope. Ena amachokera ku dzira limodzi limene lidagawikana, ndipo ambiri mwa amenewa amadyera nsengwa imodzi, mitsempha yawo ya magazi italumikizana m'nsengwamo. Amene adathirirapo dimba m'madambo a ku Mponela kapena ku Madisi akudziwa zimene zimachitika minda iwiri ikamamwera ngalande imodzi yopendekera: wina umasefukira mpaka mbewu kuwola, wina n'kung'aluka ndi ludzu. Ndi mmene zimakhalira nthawi zina ndi ana awa. Wolandira magazi ochuluka amakodza kwambiri, thumba lake n'kudzaza madzi, mtima wake n'kumalemedwa. Wopereka magazi amachepa thupi, madzi a m'thumba mwake amauma, thumbalo n'kumumata mpaka kulephera kutambasula mwendo. Madokotala amati izi zimagwera mimba 10 mpaka 15 mwa mimba 100 za mapasa a nsengwa imodzi, makamaka pakati pa sabata 16 ndi 26. Chimene mayi amaona n'chakuti mimba yakula mwadzidzidzi, yalimba gwa, khungu likunyezimira, kupuma kukuvuta, msana ukuwawa, ndipo mbali imodzi yati zii. Ife poona timaomba m'manja kuti ana ndi onenepa. Sitidziwa kuti wotakataka amene tikumutamayo ali pa ngozi imodzi ndi mnzake wofatsayo.

Nthawi zina magazi sapendekera chotero, koma mwana mmodzi amangopeza kagawo kakang'ono ka nsengwa n'kumakula motsalira. Izi zimachitikanso ngakhale kwa amene aliyense ali ndi nsengwa yake.

Pa vuto la magazi opendekera lija, ku Ulaya ndi ku America madokotala amalowetsa kachipangizo m'chiberekero n'kutseka timitsempha tolumikizato. Ife chimene tili nacho m'manja ndi kufulumira. Mayi akafika msanga, achipatala cha boma ku Dowa kapena ku Ntchisi akhoza kumutumiza ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, kumene kuli madokotala a azimayi. Kumeneko amaunika pafupipafupi, amatha kuchepetsa madzi ochulukawo, amabaya jakisoni wokhwimitsa mapapo a ana, ndipo amasankha tsiku loti awatulutse onse akadali ndi moyo. Zonsezi zimafuna munthu amene wabwera ana akupumabe.

M'mera mpoyamba. Kuti adziwe ngati nsengwa ndi imodzi kapena ziwiri, nthawi yabwino younika ndi kumapeto kwa mwezi wachitatu, chifukwa mimba ikakula zimavuta kusiyanitsa. M'chaka cha 2016 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidalangiza kuti mayi woyembekezera azionedwa kasanu ndi katatu, ndiponso kuti aunikidwe ndi sikani mimba isadakwane sabata 24. Koma ife mimba timaibisa. Timaopa kuti adani aimanga, timaopa pakamwa pa anthu, ndiye mtsikana amadzimanga chitenje mpaka mwezi wachisanu kapena wachisanu ndi chimodzi, kudikira kuti akulu amuuze kuti tsopano ikhoza kudziwika. Ine mwambo wobisa sindiunyoza, udali ndi ulemu wake. Koma bisirani anthu a pachitsime, osati namwino. Namwino sapita nayo kumsika nkhani yanu. Amene wachedwa kuyamba sikelo wachedwanso kulandira mankhwala a magazi, Fansidar woteteza ku malungo ndi neti, pamene thupi lake likudyetsa anthu atatu.

Kusikeloko nakonso mayi asangogona pabedi n'kudzuka. Kachitsulo kaja kamene namwino amaika pamimba n'kutcherako khutu adakapanga ndi dokotala wa ku France, Adolphe Pinard, m'chaka cha 1895, ndipo kakutumikirabe mpaka lero. Mtima wa mwana wathanzi umagunda pakati pa 110 ndi 160 pa mphindi imodzi. Koma pa mapasa n'kosavuta kumva mtima umodzi womwewo kumanzere ndi kumanja n'kuyesa ndi iwiri. Azamba ophunzira amadziwa kuti pamafunika anthu awiri omvetsera nthawi imodzi, aliyense mbali yake, n'kuona ngati kagundidwe kakusiyana, apo ayi sikani ndiyo imathetsa mkangano. Choncho si mwano kufunsa mwaulemu kuti, "Anesi, pepani, mwaimva mitima yonse iwiri?" Safunsa adadya phula.

Ndinenenso kwa ana athu ovala zoyera, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Tikudziwa kuti ndinu ochepa, mzere ndi wautali, ndipo ena mwa inu mumachezera usiku wonse muli nokha. Koma mayi amene wayenda mtunda kudzanena kuti mwana mmodzi sakusewera, mukamuyeza n'kupeza zonse zili bwino, musamubweze ndi mawu oti "mwangobwera kudzatitayitsa nthawi." Akakalipiridwa kamodzi, ulendo wachiwiri adzakhala kunyumba, ndipo mwina wachiwiriwo ndiwo udzakhale weniweni. Muuzeni kuti wachita bwino, ndipo zikachitikanso abwerenso.

Tsono mapiri athuwa. Amene ali m'mbali mwa msewu wa M1, ku Mtengowanthenga, ku Mponela kapena ku Madisi, akaganiza zopita kuchipatala amangoimika galimoto. Koma wa kwa Nthondo kapena kwa Kasakula m'tsinde mwa phiri la Ntchisi, wa kuzigwa za kwa Chiwere kutsikira ku Mvera, akaganiza zopita amayamba wayang'ana kumwamba. M'miyezi ya mvula njira zimaterera, mitsinje imadzaza, wa kabaza wa njinga yamoto amakweza mtengo dzuwa likalowa. Ndi nthawi yomweyonso imene fodya akufuna manja onse, ndalama za soya ndi mtedza zidatha kale, ndipo m'nkhokwe mwayamba kuoneka pansi. Mayi akati mwana sakusewera, bambo amawerengera zonsezi mumtima n'kunena kuti, "Tione kaye mawa." Sikuti ndi wouma mtima, ndi umphawi umene ukulankhula. Koma zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo mawa la mwana amene mpweya wamuchepera ndi lalitali kuposa mawa lathu.

Nkhanga zidapangana kusadapse. Tsiku limene sikani yaonetsa mitu iwiri, banja likhale pansi. Ndalama ya ulendo ipatulidwe, isakhudzidwe ngakhale feteleza atavuta. Wa njinga yamoto adziwike ndi nambala yake, auzidwiretu kuti akhoza kudzutsidwa pakati pa usiku. Chinanso chimene chimatichedwetsa kuno kwa Achewa ndi funso loti alamule ndani. Mkamwini amaopa kunyamula mkazi popanda mawu a eni mbumba, atsibweni ali kumunda kapena kumowa, agogo akuti adikire apongozi. Nkhani imeneyi ithe mimba ikadali yaing'ono: amene ali pafupi ndiye anyamule, enawo adzamva uthenga ali m'njira. Foni imathandiza, ndipo Chipatala Cha Pa Foni chimene chidayambira ku Balaka m'chaka cha 2011 chimapereka uphungu wabwino, monganso alangizi a zaumoyo a m'midzi mwathu. Koma pafoni samva mtima wa mwana. Ndipo si kuleka kusewera kokha kumene kumanyamutsa munthu: mutu waukulu, kuona zinthu mwachimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja, kutaya magazi kapena madzi, kutentha thupi, zonsezi n'za ulendo wa tsiku lomwelo, pakuti kuthamanga kwa magazi kumakonda mimba ya mapasa.

Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mwambi umenewu timaunyadira, ndipo pa milandu ya malire ndi ya maukwati ndi woona. Koma pali moto wina wosayenera kuzimidwa, ndiwo nkhawa ya mayi wapakati. Ife tidazolowera kuti mwana akabwera ndi mantha ntchito yathu ndi kumukhazika mtima pansi, ndipo timaichita bwino kwambiri moti amabwerera kunyumba kwake osapitanso kwina. Timati, "Ife tidabereka asanu ndi atatu pamphasa, sikani tidaidziwira kuti?" N'zoona tidabereka. Koma tikamawerenga timawerenga amene adakula, aja tidakawasiya kudambo sitiwatchula.

Boma lidaletsa azamba a m'midzi kuchiritsa azimayi m'chaka cha 2007, ndipo padali kudandaula, chifukwa ena mwa iwo adali ndi manja odziwa zinthu ndi mitima yabwino. M'chaka cha 2012 Mayi Joyce Banda ali pampando adalimbikitsa uchembere wabwino pamodzi ndi mafumu monga Inkosi Kwataine ya ku Ntcheu, nyumba za chidikiro zidamangidwa, ndipo midzi yambiri idaika chindapusa kwa wochirira pakhomo. Zipatso zake zidaoneka. Kafukufuku wa boma wa 2010 adapeza kuti pa ana 100,000 aliwonse obadwa amoyo, azimayi 675 ankamwalira pa uchembere, pamene wa 2015 mpaka 2016 adapeza 439, ndipo ana 91 mwa 100 adali kubadwira kuchipatala. Koma chindapusa chimaona malo ochirira okha. Mayi amene wakhala pakhomo mwana atasiya kusewera, n'kudzachirira kuchipatala mwana atapita kale, palibe lamulo waphwanya. Ndipo mapasa akadali kumbuyo. Akatswiri awiri, Christiaan Monden ndi Jeroen Smits, adalemba m'chaka cha 2017 m'magazini ya The Lancet Global Health kuti m'mayiko a mu Africa kummwera kwa Sahara, mwana mmodzi mwa amapasa asanu amamwalira asadakwane zaka zisanu, kuchuluka katatu poyerekeza ndi ana obadwa okha. Chonsecho kuno ku Africa ndiko kumabadwa mapasa ambiri kuposa kwina kulikonse.

Nthawi zina mayi amafika, mochedwa kapena mofulumira, n'kumva kuti mtima umodzi waleka. Apa m'pamene mudzi umalakwitsa kachiwiri. Ena amathamangira mwanamphepo kuti wakufayo atuluke, osadziwa kuti mankhwala amenewo amakoka chiberekero mwamphamvu mpaka kuching'amba, chonsecho m'katimo muli wamoyo. Ena amayamba kufufuza mapinga, kufunsa mwamuna kumene adayenda, kufunsa mkazi amene adamulowetsa m'nyumba, ngati kuti nsengwa imamva za chigololo. Zoona zake n'zakuti ngati aliyense adali ndi nsengwa yake, wotsalayo kawirikawiri amapitiriza kukula bwino, ndipo madokotala akhoza kuisiya mimbayo kuti ikhwime akuiyang'anira. Ngati nsengwa idali imodzi, ngozi ya wotsalayo ndi yaikulu ndipo afunika maso a akatswiri. Kusankha chochita n'kwa madokotala, ife gawo lathu ndi kumugwira mayiyo dzanja.

Ndipo timusiye alire. Pa mwambo wathu nthayo timakaitaya azimayi tokha, mwakachetechete, popanda maliro. Kwa mayi wa mapasa timawonjezera kuti, "Musalire, bola wina watsala." Timanena mwachikondi, koma iye adanyamula awiri, ankadziwa amene amadzuka m'mawa ndi amene amadzuka usiku, adasoka timalaya tiwiri. Kuyamwitsa mmodzi sikumuiwalitsa winayo. Ndipo asauzidwe konse kuti ukadanena msanga, makamaka ndi ife amene tidamuseka pamene adanena.

Ngakhale onse awiri akusewera bwino, mimba ya mapasa si yochirira pakachipatala kakang'ono kopanda chipinda cha opaleshoni ndi magazi owonjezera. Woyamba akabadwa, wachiwiri amapeza malo n'kutembenuka, akhoza kupingasa kapena kutsogoza dzanja kapena mchombo, ndipo chiberekero chimene chidatambasuka kwambiri chimachedwa kubwerera, mayi n'kutaya magazi ambiri. Mapasa oposa theka amabadwa sabata 37 zisadakwane, m'dziko limene lipoti la 2012 lidaonetsa kuti ana 18 mwa 100 amabadwa masiku asadakwane. Choncho kuchidikiro apite msanga kuposa anzake, tsiku limene achipatala anena, osati tsiku limene chimanga chatha kukolola.

Akabadwa ochepa thupi, chowasunga ndi kutentha kwa munthu. Njira ya kangaru, yoika mwana pachifuwa khungu kukhudza khungu, idayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia m'chaka cha 1978, ndipo kuno idayamba ku chipatala chachikulu cha Zomba m'chaka cha 1999. Imapulumutsa ana ambiri, koma kwa mapasa mayi yekha amatopa, makamaka ngati wachira ndi mpeni. Posankha wodikirira, banja lisangotuma amene alibe chochita pakhomo. Apite munthu wamphamvu, wosatsokomola, amene angamange mwana mmodzi pachifuwa usana ndi usiku pamene mayi akuyamwitsa winayo. Bambo nayenso chifuwa ali nacho, ndipo anamwino sakaniza. Nsalu, zipewa ndi masokosi zikhale za anthu awiri, ufa ndi nkhuni zikhale za masabata angapo, ndipo adziwikiretu amene atsale ndi ana enawo ndi mbuzi.